Kusunga mtundu wa ng'ombe zachikuda: nkhani yagona pa nkhunzi

Mukafika kudambo la ku Mitundu kapena ku Malingunde m'mwezi wa Ogasiti, pamene ng'ombe za m'makola angapo zikudyera pamodzi, yang'anitsitsani zamphongo. Zija zazikulu thupi, zamsana wowongoka ndi miyendo yolimba, mupeza kuti pafupifupi zonse n'zofula, ndipo pakhosi pake ubweya unathothoka ndi goli. Imene ikuthamangitsa zazikazi ndi kankhunzi kokwinimbira kamene mwiniwake anakasiya chifukwa sikakanatha kukoka ngolo. Kankhunzi kameneko ndiko kadzakhale tate wa mathole a chaka chamawa. Ng'ombe yachikuda, imene m'mabuku a zaulimi imalembedwa kuti Malawi Zebu, siikutha ndi mliri ayi. Ikuwonongekera pamenepa, pa kusankha yoti ifulidwe ndi yoti itsale.

Kunena za chiwerengero chokha, ng'ombeyi sili pangozi. Ng'ombe m'dziko muno zaposa 1.5 miliyoni, ndipo pa khumi zilizonse, pafupifupi zisanu ndi zinayi n'zachikuda. Koma chiwerengero chimawerenga mitu, sichiona magazi. Chimene chikuchepa ndi ng'ombe yachikuda yeniyeni, yosasakanikira, komanso ya thupi labwino. Zinthu zitatu zikudya mtunduwu mwakachetechete: kukweretsa nkhunzi zakunja mwachisawawa, kufula ndi kugulitsa nkhunzi zabwino n'kusiya zonyozeka, ndiponso kukwerana pachibale m'makola ang'onoang'ono. Pamwamba pa izo, madambo amene kale anali odyetsera ziweto ambiri anasanduka madimba, ndipo kuopa akuba kumachititsa ena kugulitsa ng'ombe isanakhwime.

Kumene inachokera

Ng'ombe zamalinunda zinayambira kuwetedwa ku chigwa cha Indus, kumene lero kuli Pakistan ndi India. Ku Africa zinalowera kumpoto chakum'mawa ndi m'madoko a kunyanja ya mchere, ndipo zinachuluka ndi malonda a Aluya. Malawi Zebu ili m'gulu la ng'ombe zing'onozing'ono za nyanga zazifupi za kum'mawa kwa Africa, ndipo kuno ndi cha kumalire a kummwera kwa gulu limenelo. Abale ake enieni ndi Angoni ya ku Chipata ndi Lundazi m'dziko la Zambia, komanso Angone ya ku Angonia m'dziko la Mozambique, kungodumpha malire pa Dedza. Dzinalo likuloza kwa Angoni, amene gulu lawo lotsogozedwa ndi Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835, n'kupitirira mpaka ku Ufipa m'dziko la Tanzania lisanabwerere kummwera. M'njira monsemo ankalanda ndi kusonkhanitsa ng'ombe, ndipo n'chifukwa chake ng'ombe zotchedwa ndi dzina lawo zimafanana ndi za kum'mawa kwa Africa kuposa za mtundu wa Nguni zimene makolo awo ankaweta kwawo kummwera kwa Africa. Kenaka m'zaka za m'ma 1890 mliri wa rinderpest unapulula ng'ombe zambiri kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Zimene tili nazo lero ndi zidzukulu za zotsala pa mliriwo, zimenenso zapyola m'chilala, nkhupakupa ndi udzu wouma wa Okutobala kwa mibadwo yambiri. Kupirira kumeneko sikugulidwa kusitolo.

Kuizindikira

Yambani ndi linunda. Pa ng'ombe yachikuda linunda limakhala pamwamba penipeni pa mapewa, molunjika ndi miyendo yakutsogolo. Pa nkhunzi limakhala lalikulu, nthawi zina n'kugwera kumbuyo kapena kumbali. Pa yaikazi ndi laling'ono koma limaoneka. Linunda likakhala losendera kukhosi, kapena likangokhala kachitunda kosaoneka bwino pa ng'ombe yokhwima yonenepa, muyambe kukayika.

Kenaka makutu, chifukwa makutu sanama. Achikuda ndi ang'ono, osongoka, oimirira chopingasa. Makutu aatali olendewera ngati masamba a fodya wofota ndi chizindikiro cha magazi a Brahman, ng'ombe yakunja ya nyama, ndipo kawirikawiri amabwera limodzi ndi chikopa chochuluka kukhosi, chikopa cholendewera kwambiri pamchombo, ndi miyendo yaitali. Magazi a Friesian, ng'ombe yakunja ya mkaka, amaonekera pa nkhope yaitali, linunda lozimirira, ubweya wautaliko ndi bere lalikulu. Nyanga zachikuda n'zazifupi, zonenepa kutsinde. Zina zimabadwa zopanda nyanga, ndipo umenewo si ulema. Mtundu wa ubweya usakusokonezeni: zilipo zakuda, zofiira, zotuwa, zoyera ndi zamawangamawanga. Yakuda ndi yoyera siyikhala Friesian chifukwa cha mawanga okha.

Yaikazi yokhwima yodya bwino imalemera cha m'ma 250 kg, nkhunzi cha m'ma 300 mpaka 350 kg. Thole limabadwa ndi makilogalamu osafika kapena ofika 20, n'chifukwa chake zachikuda sizivutika kawirikawiri pobereka. Mkaka ndi wochepa, lita imodzi kapena awiri patsiku kupatula woyamwa thole, ndipo sizitulutsa mkaka thole likakhala palibe. Imeneyi ndi ng'ombe ya nyama, ngolo ndi manyowa; woiyesa ndi muyeso wa ng'ombe ya mkaka akuilakwira.

Maso okha sangatsimikize kuti ng'ombe n'njosasakanikira, makamaka ngati magazi akunja analowa mibadwo iwiri kapena itatu kumbuyoko. Funsani za make ndi tate wake, ndipo funsaninso ngati m'mudzimo munakhalapo nkhunzi ya pulojekiti kapena yogulidwa kufamu. Nthawi zambiri m'busa amadziwa bwino zimenezi kuposa mwini khola.

Kuyeza popanda sikelo

Kusankha bwino kumafuna manambala, ndipo tepi ya telala imakwana. Ng'ombe iime pamalo osalala, mutu uli mowongoka, m'mawa isanadye ndi kumwa. Zungulizani tepi pachifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo ndi kumbuyo kwa linunda, mukoke mpaka igwire khungu koma osafinya. Kenaka yezani kutalika kuchokera pafupa losongoka la phewa kukafika pafupa la pambali pa tsinde la mchira. Muyeso wa pachifuwa muuchulukitse ndi womwewo, zimene mwapeza muchulukitse ndi kutalika, ndipo mugawe ndi 10,840. Mwachitsanzo, pachifuwa 150 cm ndi kutalika 120 cm: 150 kuchulukitsa ndi 150 ndi 22,500, kuchulukitsa ndi 120 ndi 2,700,000, kugawa ndi 10,840 ndi pafupifupi 249 kg. Masamuwa amaphonyako pang'ono, makamaka pa ng'ombe ya bere lalikulu, koma amakwanira poyerekeza mathole a msinkhu umodzi ndi poyeza mankhwala. Tepi ikadutsa pamwamba pa linunda, ng'ombe mwaiwonjezera makilogalamu amene ilibe.

Zaka muzione kumano a kutsogolo a m'munsi. Mano awiri aakulu apakati amatuluka ng'ombe ili ndi zaka ziwiri kapena ziwiri ndi theka, anayi cha pa zaka zitatu, asanu ndi limodzi cha pa zinayi, ndipo onse asanu ndi atatu akakwana ndiye kuti yafika kapena yapyola zaka zinayi ndi theka. Wogulitsa akati "kamsoti aka n'kanthete" koma m'kamwa mano aakulu ali thoo, imeneyo ndi ng'ombe yokwinimbira, osati yaing'ono.

Kusankha nkhunzi

Yaikazi imakupatsani thole limodzi pachaka zikayenda bwino. Nkhunzi imodzi imakwanira zazikazi 25 mpaka 30, ndiye kuti theka la magazi a mathole onsewo ndi ake. Choncho dongosolo lisinthe: muyambe mwapatula nkhunzi, zotsalazo ndiye muzisankhamo zangolo.

Kusankha kumayambira kwa make. Thole loti lidzakhale nkhunzi lichokere kwa mkota umene umabereka pafupipafupi, wosapitirira miyezi 15 kapena 16 pakati pa thole ndi linzake, umene mathole ake amakula osafa, ndiponso umene suonda mpaka kutsala mafupa m'mwezi wa Novembala. Mathole aamuna muwayeze katatu: poletsa kuyamwa pa miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, pa chaka chimodzi, ndi pa chaka ndi theka. Yerekezani okhawo obadwa nyengo imodzi ndi odya msipu umodzi. Thole lobadwa mu Novembala limakula ndi udzu wauwisi, lobadwa mu Juni limakula ndi mapesi. Kuwayerekeza awiriwa n'kuyeza nyengo, osati magazi.

Kupatula kulemera, onani izi ng'ombeyo ikuyenda. Miyendo yakumbuyo isagundane m'mawondo ndipo isakhale yowongoka ngati ndodo, chifukwa ndi imene imanyamula thupi lonse pokwera. Ziboda zikhale zofanana, zosapindika. Msana wowongoka, chifuwa chakuya, matako odzaza. Machende akhale awiri, ofanana kukula, olimba mukawagwira, otsika bwino. Nkhunzi ya limodzi kapena ya limodzi laling'ono ifulidwe, chifukwa vutoli limapita kwa ana. Chibwano cha m'munsi chikumane bwino ndi nkhama za m'mwamba. Werenganinso nkhupakupa: pa mathole odyera pamodzi, ena amadzaza nazo m'makutu pamene ena ali nazo zochepa, ndipo kusiyana kumeneko kuli m'magazi. Yaukali wopitirira muyeso musaisunge, ngakhale ikhale yokongola bwanji. Amene amaweta ndi ana.

Zamphongo zonse zosasankhidwa zifulidwe zisanayambe kukwera. Pa chaka chimodzi ndi theka kankhunzi kamatha kupereka bere, ndiye kudikira kuti "kayambe kakula kaye" n'kumene kumabweretsa mavuto. Ndi chofulira cha Burdizzo, mlangizi wa ziweto amafinya msempha umodzi payekha, kenaka winawo, pamalo otalikirana pang'ono, osadutsa mzere wapakati pa thumba. Kufinya mopingasa thumba lonse kumatseka magazi ndipo khungu limawola. Pakapita miyezi iwiri onaninso: ngati limodzi silinafote, msempha unazemba ndipo ng'ombeyo ikadali nkhunzi.

Apa pali chovuta chimene munthu mmodzi sangachithetse yekha. Ng'ombe zikamadyera dambo limodzi, nkhunzi ya mnansi imakwera zanu. Mungasankhe bwino chotani, kankhunzi ka khola lina kadzakutsogolerani. Njira yake ndi yoti eni makola onse odyetsera dambo limenelo akhale pansi, pamaso pa anyakwawa ndi alangizi, agwirizane nkhunzi ziwiri kapena zitatu zotsala, zina zonse zifulidwe tsiku limodzi. Mwini nkhunzi yosankhidwa asatayepo: wataya ng'ombe yangolo, choncho anzake amuthandize madeya, mankhwala, kapena kumubwereka ngolo nthawi yokolola. Mfundo imeneyi ikaiwalika, mgwirizano sutha chaka.

Nkhunzi isakhale pamalo amodzi kupitirira zaka zitatu. Ana ake aakazi amakhala atafika pokweredwa, ndipo tate akakwera mwana wake, zotsatira zake ndi mathole ofooka, ochedwa kukula ndi zazikazi zovuta kutenga bere. Sinthanani ndi mudzi wakutali, umene ng'ombe zake sizikumana ndi zanu kudambo kapena kudibi: a ku Nsundwe atenge ya ku Nathenje, a ku Kasiya atenge ya ku Nkhoma. Kusinthana ndi khola la mbale wanu kumene munatengako ng'ombe zoyamba sikuthandiza kanthu, magazi ndi omwewo.

Zazikazi ndi kaundula

Msoti ukweredwe utafika magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa mkota, cha m'ma 170 kg, osati pongoona zaka. Ukatenga bere uli wochepa thupi, umasiya kukula ndipo umachedwa kutenganso lina. Yaikazi imafuna nkhunzi pa masiku 21 aliwonse, koma kwa zachikuda nthawi imene imalola kukweredwa n'njaifupi ndipo kawirikawiri imagwa usiku, choncho nkhunzi izigona khola limodzi ndi zazikazi m'nyengo yokweretsa. Bere limatenga miyezi isanu ndi inayi ndi masiku pang'ono. Kuno ku Lilongwe, kukweretsa kuyambira Januwale mpaka Malichi kumabweretsa mathole pakati pa Okutobala ndi Disembala, ndipo make amakumana ndi msipu watsopano pamene akufunika mkaka wambiri. Kuipa kwake n'kwakuti matholewo amakumananso ndi matope, choncho akhale ndi kakhola kawo kofolera, kouma pansi. Thole liyamwe mkaka woyamba wachikasu uja maola asanu ndi limodzi asanathe, ndipo pamchombo mupake ayodini. Miyezi iwiri yoyamba musakame mawere onse.

Mkota umene wadumpha zaka ziwiri osabereka, pamene anzake odya chimodzimodzi abereka, ugulitsidwe. Koma musanapereke yaikazi kwa abutchala, alangizi ayambe aipima: zambiri zimaphedwa zili ndi bere mwiniwake osadziwa.

Kabuku ka sukulu kamodzi kamakwanira kaundula. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi tsamba lake: dzina kapena nambala ya kukhutu, mtundu wa ubweya, tsiku lobadwa, make, tate wake, miyeso ya tepi, masiku obereka ndi matenda. Popanda kabukuka, pakatha zaka zinayi palibe amene adzakumbuke kuti msoti wofiira uja tate wake ndi uti.

Nanga nkhunzi zakunja?

Sitikunena kuti Brahman kapena Friesian n'zoipa. Mwana woyamba wa Brahman ndi yachikuda amakula msanga ndipo amalemera kuposa make, ndipo n'chimene chimakopa anthu. Msampha uli pa mibadwo yotsatira. Mwana woyambayo ali ndi theka la magazi akunja. Mukamukweretsanso nkhunzi yakunja, wotsatira ali ndi 75 peresenti, kenaka 87.5, ndipo pa mbadwo wachinayi chikuda chatsala chosafika 7 peresenti. Ng'ombe yotere thupi lake ndi lalikulu, chakudya chake n'chochulukanso, ndipo ikakhala ya magazi a ku Ulaya, nkhupakupa imodzi yodwalitsa ikhoza kuigwetsa. Dambo lija silinakule, ndipo thumba la mankhwala ndi lomwe lija.

Wofuna kusakaniza achite mwadala. Zazikazi zabwino koposa, theka la khola kapena kuposerapo, zizikweredwa ndi nkhunzi yachikuda, ndipo misoti yolowa m'malo izichokera kwa zimenezi. Zotsalazo ndizo zipite kwa nkhunzi yakunja. Ana aamuna osakanikira afulidwe onse n'kunenepetsedwa m'khola. Asaloledwe kupita kudambo ali nkhunzi. Msoti wobereka koyamba usapatsidwe nkhunzi yaikulu yakunja, chifukwa thole limakula kuposa njira n'kukakamira. Kumafamu a boma ndi a kafukufuku monga Dzalanyama, Chitedze, Mbawa ku Mzimba ndi ku Bunda kwakhala kukuchitika ntchito pa ng'ombe imeneyi, koma ziweto za m'malo amenewo n'zochepa poyerekeza ndi za m'midzi. Mtunduwu uli m'manja mwa alimi a makola a ng'ombe zisanu kapena khumi.

Chakudya cha chilimwe

Zambiri zimene anthu amati ndi kuchepa kwa mtundu ndi njala chabe. Ng'ombe ya 250 kg imafuna chakudya chouma cha 6 mpaka 7 kg patsiku ndi madzi a malita 30 mpaka 40 kukatentha. Kuyambira Julayi mpaka Novembala ndi masiku pafupifupi 150. Ngakhale theka izipeza kudambo, mukufunikabe kusunga pafupifupi 500 kg pa ng'ombe imodzi. Mapesi atutidwe msanga mukangokolola, asanadyedwe ndi chiswe kapena kutenthedwa ndi osaka mbewa, ndipo aikidwe pathandala lofolera. Masangwi a mtedza, soya ndi nyemba ndiwo ndiwo zake, chifukwa mapesi okha amakhutitsa koma samanga thupi. Udzu wofutsa udulidwe ukangoyamba maluwa, cha mu Febuluwale kapena Malichi. Wodula mu Meyi ndi wofolera nyumba.

Zoyamwitsa, za bere lalikulu ndi nkhunzi zipatsidwe madeya 1 mpaka 2 kg patsiku ndi mchere wodzaza supuni ziwiri zazikulu. Madeya muyambe ndi theka la kilogalamu n'kumawonjezera kwa milungu iwiri. Kuipatsa ndowa yonse tsiku loyamba kumatupitsa mimba ndipo imatha kufa. Achuku atayeni. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa atatu a chakudya chonse, apo ayi muona ubweya wa kumchira ukuthothoka ndi dovu lili chuchuchu. Kwa oweta pafupi ndi tauni, cha ku Lumbadzi kapena ku Likuni, mdani wina ndi majumbo: ng'ombe yosowa mchere imatola chilichonse, imaonda pang'onopang'ono, ndipo mtolo wa mapulasitiki umakapezeka m'chifu poipha.

Nkhupakupa

Yachikuda imapirira matenda a East Coast Fever, amene alimi amawatcha chigodola, kuposa yakunja, koma mathole amafa nawo ndithu. Amafalitsidwa ndi nkhupakupa zofiirira za m'makutu, zimene zimachuluka m'dzinja. Chizindikiro choyamba ndi kutupa kwa mwanabele pansi pa khutu, kenaka kutsogolo kwa phewa, thupi n'kutentha kupitirira madigiri 39.5. Mukadikira mpaka thovu lituluke m'mphuno, mwachedwa. Mankhwala ake ndi buparvaquone, 1 ml pa 20 kg iliyonse, kubaya m'mnofu wa pakhosi, ndipo apa ndi pamene tepi ija imagwiranso ntchito. Katemera wa matendawa amapangidwa konkuno ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Amaperekedwa kamodzi, limodzi ndi jakisoni wa oxytetracycline, ndipo amasungidwa mozizira kwambiri, choncho amabaya ndi anthu ophunzitsidwa okha. Botolo limodzi limakwanira mathole ambiri, ndiye kuli bwino mudzi usonkhanitse mathole tsiku limodzi.

Popopera, cholinga pa zachikuda n'kuchepetsa nkhupakupa, osati kuzitheratu, chifukwa thole lokula osalumidwako silipeza chitetezo. M'dzinja poperani mlungu uliwonse kapena milungu iwiri malinga ndi kuchuluka kwake, m'chilimwe mwa apo ndi apo. Mankhwala opopera a Amitraz a 12.5 peresenti amasungunulidwa 2 ml pa lita, kutanthauza 40 ml mu malita 20, koma werengani chizindikiro cha pabotolo chifukwa mphamvu zimasiyana. Ng'ombe yaikulu imafuna malita asanu kapena kuposerapo kuti inyowe mpaka pakhungu, kuphatikizapo m'makutu, pansi pa mchira ndi m'mphechepeche. Kuchepetsa mankhwala kuti botolo likhalitse n'kumene kumazoloweretsa nkhupakupa mpaka mankhwalawo asiye kugwira. Zodyera m'madambo a madzi zimatenganso nyongolotsi za m'chiwindi kudzera ku nkhono za m'madzi. Zimwetsedwe mankhwala mvula ikatha ndiponso chilimwe chikamatha, koma mankhwala a albendazole asaperekedwe kwa yaikazi imene yangotenga bere.

Nkhunzi yobwera posinthana ikhale ndi kalata ya amfumu ndi chilolezo choyendetsera ziweto cha ku ofesi ya zaziweto, ndipo isachokere kudera limene latsekedwa chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ikafika, ipoperedwe, imwetsedwe mankhwala a nyongolotsi, ndipo ikhale payokha milungu itatu kapena inayi, ikudya ndi kumwera pake. Pamasiku amenewo muziyeza kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse ndi kugwira pansi pa makutu. Konzani kuti ifike mu Novembala, kuti pofika Januwale ikhale itazolowera msipu, m'busa ndi anzake a m'khola.